Timabotolo Tiwiri ta Sandali

Tabwera nawo kuno mabotolo akowo, Tadala. Kuyambira m'mawa ukungopopera uku ndi uku, mpaka mphaka wathawa m'nyumba, koma kusankha osasankha. Patsa kuno ndinunkhize. Ili likuboola mphuno. Ili ndi lofatsa. Onsewa akuti ndi sandali? Ha! Ana inu, tasiyani zimene mukuchitazo mukhale pansi. Iwe Yamikani, tsitsa wailesiyo. Sandali ameneyu ine ndinamudziwa amayi anu asanaganiziridwe n'komwe, ndipo anatsala pang'ono kutigonetsa patchire.

Inu mumasamba ndi sopo wa mitundumitundu, wina wakumutu, wina wakumaso, ngati thupi si limodzi. Ife tinkasamba ndi chewe, masamba oterera aja, n'kudzikhula ndi mwala wa kumtsinje. Mafuta athu anali a nsatsi. Tinkakazinga nsatsizo, kusinja, kuwiritsa, n'kuwengula mafutawo kuthira m'nsupa. Podzola sitinkanyengerera ayi. Unkathira m'dzanja modzaza, n'kupaka mikono, miyendo, khosi, mpaka kuwala. Kadzoledwe kameneka mukakumbukire, tikakumana nako kutsogoloku. Ndiye munthu aliyense ankanunkha zofanana: nsatsi, utsi wa nkhuni, ndi utomoni wa masamba a tiyi umene unkadetsa zala.

Nthawi imeneyo n'kuti nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe, ine ndili namwali wongovinidwa kumene. Tinkakhala pa esiteti ina kuno ku Thyolo, kumene azunguwo ankati Cholo chifukwa lilime linkawakanika. Makolo athu anachokera kwa Apwitikizi atasenza mphasa ndi mbewu za kalongonda, ndipo malo amene tinamangapo sanali athu. Anali a bwana. Unkakhala pamenepo malinga ukugwira ntchito yake. Ukamulakwira, ankatuma anthu kudzasasula denga, chinangwa chako n'kutsala m'munda ukuchiona. Choipa kwambiri, nyumba yathu inalibe mwamuna. Bambo anga anapita ku Halale ine mano akutsogolo akuguluka, ndipo anthu anali atayamba kale kuwatchula kuti mtchona. Tinalipo awiri basi, amayi ndi ine.

Pa esitetipo panali lamulo limene aliyense ankalidziwa. Tiyi ndi wakuba. Amaba fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho. Ukaika tiyi pafupi ndi parafini, mawa umwa parafini. Choncho wothyola tiyi sankaloledwa kugwira fodya, anyezi kapena nsomba asanalowe m'munda. Nsatsi ankazilekerera malinga zikhatho zikhale zotsuka. Za mafuta onunkhira sankanena n'komwe, poti ndani mwa ife akanawapeza?

Ndiye ine ndinawapeza!

Ku Masambanjati kunali mayi wina wachisilamu, Abiti Sumaila. Amuna awo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye, ndipo ankakwera lole kupita ku Limbe kukatenga katundu. Abitiwo ankagulitsa timikanda, singano ndi tigalasi tochokera m'kabokosi kachitsulo. Ine ndinkawapititsira nthochi ndi nandolo, nthawi zina n'kuwasinjira mpunga. Ulendo wake sunali wamasewera. Unkanyamuka dzuwa lisanatuluke, mkoko wa nthochi pamutu, kutsika zigwa, kukwera zitunda, matope ofiira mpaka m'mawondo. Inu mukayenda kuchoka pano kufika pamsewu mumati mwendo ukupweteka. Koma ine sindinkamva kutopa, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikakhala pafupi ndi Abiti. Mayi ameneyo akadutsa, mphepo inkasintha. Ndinkachita kuchedwa dala kutula nthochi kuti ndipume fungo lawo.

Tsiku lina, mvula itangoyamba, anandigwira.

“Iwe Elube, mphuno yakoyo idzathothoka. Ukundinunkhiza ngati ndine ndiwo?”

Ndinachita manyazi, koma iwo anaseka n'kutsegula kabokosi kaja. Anatulutsa timabotolo tiwiri, kalikonse kutalika kwake ngati chala changa chaching'onochi. Kena kanali ndi mafuta akuda, olemera ngati uchi. Kena kanali ndi mafuta oyezuka, opepuka.

“Onsewa ndi sandali,” anatero. “Ndi mtengo wa kwawo kwa amwenye, kutsidya kwa nyanja yamchere. Akudawa ndi a pa ukwati ndi pa Idi. Kadontho kamodzi, msewu wonse udziwa kuti wadutsa, ndipo ngakhale uchape nsalu sachoka. Oyerawa ndi a masiku onse. Sapita patali. Amawamva ndi amene wakuyandikira basi. Nthochi zako zakwana kabotolo kamodzi. Sankha.”

Anandidontheza akuda pamkono wamanzere, oyera pamkono wamanja. Ana inu, ndinapenga! Ndikanunkhiza uku, mtima uti awa. Ndikanunkhiza uku, mtima uti iyayi, awa. Akuda aja ankandichititsa kudziona ngati mkazi wa mfumu, ndikulowa m'tchalitchi anthu onse n'kutembenuka. Oyera aja anali ofewa, otentha pang'ono, ngati thabwa longopala kumene limene lakhala padzuwa. Ndinakhala pakhondepo mpaka mthunzi unasuntha. Abiti anagulitsa singano, anaphika, anapemphera, pobwera anandipeza ndikadali kununkhiza mikono.

“Mwana iwe undithamangitsira makasitomala. Tenga tonse tiwiri. Ukayese kwanu, ukabwerenso ndi nthochi undibwezere kamodzi. Koma kadontho kamodzi, wamva? Si nsatsi zimenezi.”

Ndiye usadandaule, Tadala, matenda akowo ndi akumtundu.

Ndinabwerera ndikuthamanga, timabotolo nditamanga pamfundo ya nsalu. Amayi anandimva ndisanalowe. Amayi anga anali munthu wouma, wosaseka wamba, wa mphini zitatu patsaya lililonse. Chichokereni bambo, sindinawaonepo atavala mkanda ngakhale umodzi.

“N'chiyani chimenechi?”

“Ndi sandali, amayi. Tanunkhizani.”

“Chotsa apa! Ukufuna utipitikitse? Zimenezo ukalowa nazo m'tiyi, ine ndikukana kuti sindiwe mwana wanga.”

Ndinawalonjeza kuti m'munda sindidzapita nazo. Ndinabisa timabotolo m'denga, ndipo ndinkayesa Loweruka tikaweruka ndi Lamulungu. Akuda aja ndinawayesa kamodzi, kadontho kakang'ono kuseri kwa khutu. Kutchalitchi azimayi a mzere wakutsogolo anatembenukadi, koma mutu unandiwawa tsiku lonse, ndipo Lolemba ndinachita kumanga mpango mothinitsa ndi mantha. Oyera aja anali aulemu. Ukadzola madzulo, m'mawa atha, kwangotsala kafungo kakang'ono kamene umakamva wekha ukaweramitsa mutu. Ndinaona kuti munthu wa m'tiyi angakhale ndi amenewa popanda mlandu. Mumtima ndinali nditasankha: oyera ndi anga, akuda ndibweza.

Sabata yomweyo kunafika munthu wina wa kwa Chimaliro wochokera ku Halale, atavala chipewa ndi nsapato zolira. Anaima pabwalo pathu n'kunena kuti bambo ali m'njira, atsalira ku Limbe kudikira katundu, afika Loweruka. Ine ndinalumpha, ndinagubuduka, ndinakumbatira mbuzi. Amayi anangoti, “Chabwino,” n'kupitiriza kusenda chinangwa. Koma munthu uja anali wolongolola. Anayamba kusimba za akazi a ku Halale, mmene amavalira, mmene amanunkhirira, kuti ukadutsana nawo umaiwala kumene umapita. Anaseka yekha. Amayi sanadzutse mutu.

M'mawa mwake anandiuza kuti nditsogole, iwo amange kaye mbuzi. Anafika mochedwa n'kukatenga mzere wa kumapeto kwenikweni, kutali ndi ine. Inali nthawi imene tiyi amaphuka ngati wapenga. Ukathyola lero, mkucha wabweranso. Tinkavala chiguduli kumutu chifukwa cha mvula, dengu kumsana, manja onse awiri akugwira ntchito, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga. Dzuwa litakwera, mphepo inatembenuka. Ndinaimika manja. Sandali! Osati kadontho ayi, koma ngati wina waswa sitolo yonse. Azimayi anayamba kudzutsa mitu mmodzimmodzi, n'kuyang'ana kumapeto kuja.

Mwayi wake, kapitawo wathu, a Yotamu, anali ndi chimfine choti ngakhale mukanawaika mphuno m'khola sakanamva kanthu. Anayeza madengu pasikelo, masamba onse anakhuthulidwa mulu umodzi, ngolo n'kunyamula. Koma kufakitale atayala masamba aja pamathandala kuti afote, chipinda chonse chinanunkhira ukwati. Dzuwa lisanalowe a Yotamu anazungulira nyumba zathu akukuwa ndi mawu a m'mphuno.

“Tamverani! Tiyi yense wa lero watayidwa! Mawa poitana maina bwana abwera yekha kudzanunkhiza manja a aliyense. Amene apezeke, iye ndi a m'nyumba mwake, achoke tsiku lomwelo!”

Ndinalowa m'nyumba n'kupisa dzanja m'denga. Kabotolo ka akuda kanali katatsika kupitirira theka. Amayi anali atathira m'dzanja monga timachitira ndi nsatsi, n'kupaka mikono yonse mpaka m'mapewa. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pamtondo wogwetsa, manja ali pamiyendo. Ndinapsa mtima, osanama. Ndinati, “Amayi, si inu munkandikalipira ine?”

Sanandikalipire. Anayankhula motsitsa, m'Chilomwe, chimene ankayankhula zinthu zikafika pamtima.

“Ndimati ndiyese ndione ngati zingandikhale. Ndimafuna abambo ako adzandipeze ndili munthu.”

Ana inu, mkwiyo wonse unathera pomwepo. Ndinalira ine m'malo mwa iwo. Kenako tinayamba nkhondo. Tinakhula ndi phulusa, osachoka. Mchenga, osachoka. Mandimu, ndiye ngati tawonjezera. Ndinakapempha mutu wa mlamba wouma kwa anansi n'kuwapaka, ndipo amayi ananunkha mlamba wopita ku ukwati. Khungu linafiira, koma sandali ali pompo. Abiti sananame. Ine ndinkangoyang'ana denga lathu, nkhokwe, nthochi zimene bambo anabzala asanapite, n'kumaganiza kuti Loweruka adzapeza chiyani. Munthu wayenda ulendo wonsewo kudzaona bwinja, osadziwa n'komwe kumene tapita.

Kutacha tinapita kumtsinje kukayesanso. Ndinatenga kabotolo kaja kuti ndikakaponye m'madzi. Azimayi a gulu lathu ankadutsa pomwepo popita kuntchito, ndipo anaima, madengu kumsana, kutiyang'ana mwachisoni. Onse ankadziwa. Kenako ndinaona akutsika amake Fanuwelo, mkazi wa kapitawo. Mayi ameneyu ndi amayi anga anali osalankhulana chaka chonse, chifukwa mbuzi yathu inawadyera chinangwa. Anali wamtali, wa mawu ngati mwamuna, ndipo mphuno yake inalibe chimfine.

Anaima pamaso pathu, manja m'chiuno.

“Amake Elube, mwadzuka? Chili kuti chinthu chatitayitsa tiyicho?”

Amayi anangowerama. Ine ndinatambasula dzanja n'kuwapatsa kabotolo kaja. Amake Fanuwelo anatsegula, ananunkhiza, n'kutsinzina. Anakhala choncho nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti akomoka. Potsegula maso anati:

“Ndiye inu mumafuna muzinunkhira nokha? Ife ndife mbuzi?”

Anapendeketsa kabotolo, kudontheza padzanja lawo, n'kupaka m'khosi.

“Akayambe kundinunkhiza ine amuna angawo, tione ngati asasule denga lawo lomwe.”

Eee! Kumtsinje kuja kunaphulika. Madengu pansi! Aliyense dzanja patsogolo! “Ine, Elube! Ine sunandipatse!” Ndinathyola kaudzu n'kumaviika, kadontho pa dzanja ili, kadontho pa ilo. Atsikana, azimayi oyamwitsa, ngakhale gogo wina wopanda dzino amene anati ndimupake pamphumi kuti amuna ake akumanda amve. Tinaseka mpaka misozi. Mafuta atatha ndinathira madzi m'kabotolo, kukhutchumula, n'kuwaza otsalawo. Mpaka lero sindidziwa ngati amake Fanuwelo anachita zimenezo chifukwa cha chifundo kapena chifukwa cha dyera la sandali. Ndinawafunsa atakalamba, anangonditukwana.

Tinakwera chitunda mzere umodzi, fungo likutitsogolera. Bwana anali ataima kale pabwalo la sikelo, kabudula wake, ndodo kukhwapa, galu pambali. Tisanafike n'komwe galu uja anayetsemula n'kukabisala kunsi kwa ngolo. Tinandanda, manja patsogolo. Bwana ananunkhiza woyamba, nkhope n'kuwala kuti wamugwira. A Yotamu anamukokera pambali mayiyo. Ananunkhiza wachiwiri. Anamukokeranso pambali. Wachitatu. Wachinayi. Khosi la bwana linayamba kufiira. Anatulutsa kansalu n'kutseka mphuno. Atafika pa amayi, ine mtima unaima. Ananunkhiza, anakwinya nkhope chifukwa cha mlamba uja, n'kupitirira.

“Kapitawo!” anakuwa m'Chinyanja chake chothyokathyoka. “Ndani anayamba ichi? Iwe funsa!”

A Yotamu anayenda ndi mzere akufunsa, aliyense akuti kaya. Kenako anafika pa akazi awo. Amake Fanuwelo anawatambasulira manja onse awiri mpaka pamphuno.

“Nunkhizanitu, bambo a Fanuwelo. Chimfine chatha?”

A Yotamu anayang'ana akazi awo, n'kuyang'ana bwana.

“Bwana, onse. Palibe woyamba.”

Akanatani bwana? Tiyi ali kuphuka, anthu ogwira ntchito nthawi ya dzinja ankasowa chifukwa aliyense amafuna kulima kwake. Kupitikitsa gulu lonse kukanakhala kudziwotcha yekha. Anamenya ndodo pansi, anayankhula zachizungu zimene sindikukhulupirira kuti zinali za m'Baibulo, n'kulamula kuti tonse tikapalire udzu kumunda wa tiyi wamng'ono mpaka fungo lithe, ndipo tsiku lotayika lija lisalembedwe. Kupalira kunali kowawa kuposa kuthyola. Khasu, matope, mvula pamsana. Koma ana inu, sindinaonepo anthu akulangidwa mosangalala chotero. Tinapeka kanyimbo pomwepo, wina akuti “bwana wanunkhiza,” tonse tikuti “galu wathawa!” Amayi ankalima pakati pathu osaimba, koma ndinaona atapatsa amake Fanuwelo chinangwa chawo chootcha pa nthawi yopuma.

Loweruka linafika. Denga lili pomwepo, nkhokwe ili pomwepo. Ndinasesa bwalo kawiri. Koma amayi ndinawapeza m'nyumba atakhala pamphasa, nkhope ili pansi. Mikono yawo inali yokalikakalika ndi mchenga uja, ndipo sandali anali atayamba kuzilala, wofanana ndi wa mkazi aliyense pa esitetipo.

“Taona,” anatero. “Tsopano ndikununkha ngati aliyense, mikono ngati ya ng'ona. Bola ndikanangokhala ndi nsatsi zanga.”

Ndinakwera pamtondo n'kutsitsa kabotolo ka oyera, kanga kaja, kamene ndinkati ndidzadzola ndekha mpaka chaka chithe. Ndinawadzoza nsatsi m'mikono kuti ifewe. Kenako ndinaviika kaudzu n'kuwadontheza kamodzi kuseri kwa khutu.

“Sindikumva kanthu,” anatero.

“Si zanu kumva, amayi. Amawamva ndi amene wakuyandikirani.”

Anandimenya kambama kopepuka paphewa, koma pakamwa panagwedera.

Bambo anafika dzuwa litapendeka, bokosi pamutu, ataonda, ndevu zili ndi imvi. Ine sindinawazindikire, iwonso sanandizindikire. Anatula bokosi n'kuyang'ana nyumba, nthochi zawo zija zitakula kupitirira denga. Anagwira chitseko, chomwe anapala okha, n'kuchisisita. Anthu anadzaza bwalo, nthungululu zili pakamwa.

“Koma kuno kwagwanji?” anafunsa bambo. “Kuyambira kumsewu mkazi aliyense akununkhira ngati sitolo ya mmwenye. Ku Halale komwe kulibe zotere!”

Bwalo lonse linagwa ndi kuseka. Amayi anatuluka ndi chikho cha madzi, anagwada patali monga mwa mwambo, maso pansi. Bambo anayandikira kuti alandire chikhocho. Anawerama. Ndiye anangokhala chiweramire, chikho chili m'manja, osamwa.

“Amake Elube,” anatero motsitsa, “inuyo ndiye ayi. Inu zanu ndi zina.”

Amayi anaphimba nkhope ndi nsalu. Ine ndinali ndisanawamvepo akuseka choncho, ngati mtsikana.

Nditabwerera ku Masambanjati ndinaika timabotolo tonse tiwiri pamphasa ya Abiti, kena kopanda kanthu. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndiye ndasankha kati. Ndinawafotokozera zonse. Anaseka mpaka amuna awo anaimitsa makina. Anati kopanda kanthuko ndi kanga poti ndakamaliza, ndipo koyerako ndikapatse amayi, nthochi zidzabwera zikadzapsa. Choncho ine, mwini nkhani, amene ndinakhala tsiku lonse pakhonde kusankha, ndinatsala ndi botolo lopanda kanthu. Lili m'chitini changa chija mpaka lero. Yamikani, usakalitsegule wekha, ndikudziwa manja akowo.

Amayi anadzola oyera aja kadontho kamodzikamodzi, madzulo okhaokha akaweruka, ndipo bambo sanabwererenso ku Halale. Ndiye iwe Tadala, tenga lofatsali ukhale nalo la masiku onse. Loboola mphunoli usunge, tsiku lina anzako adzalifuna. Ndipo mukadzapita kwa Changata kukaona mlongo wanga, amene anabadwa dzinja lotsatira, mudzamufunse chifukwa chake dzina lake la ubatizo palibe amalidziwa, aliyense amangoti agogo a Sandali.